Tsiku Lomwe Ndinapaka Bwato la Alamu

Anzanga, popeza nkhaniyi yafika kale pa msika wa Milonde itamera nyanga ndi mchira, ndati ndiifotokoze ndekha mmene inachitikira, osawonjezera kanthu. Ena akuti panali ng'ona. Panalibe ng'ona. Ena akuti ndinalira. Sindinalire, anali madzi a mumtsinje wa Ruo amene ankatsika kumasowo. Zotsalazo, mwatsoka, ndi zoona.

Ine ndinagwira ntchito zaka zambiri pa esiteti ya tiyi, kuyeza masamba pa sikelo. Ntchito imeneyo imaphunzitsa chinthu chimodzi: aliyense amati dengu lake ndi lolemera, koma sikelo ilibe chibale. Kuchokera pamenepo sindikhulupirira zokokomeza. Munthu akandiuza kuti wapha njoka yaitali ngati msewu, ndimamufunsa kuti msewu wake uti. Ndimawerenganso chilichonse chimene chafika m'manja mwanga, ngakhale kapepala ka m'bokosi la mankhwala a chifuwa, mbali zonse ziwiri. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti amene anachita zimene mumvezi si munthu wopupuluma ayi. Ndi munthu wowerenga. Ndipo chondiwawa kwambiri n'chimenecho.

Mwana wanga wamwamuna, Yamikani, anapeza mbeta kutsidya kwa Ruo, ku Mozambique. Kwathu kuno zimenezo si zachilendo, theka la mudzi wathu agogo ake anachokera komweko. Anakonza zoti chinkhoswe chichitike Loweruka lina m'mwezi wa Seputembala, kwawo kwa mtsikanayo. Tsono mwambo wathu mukuudziwa: pa ukwati wa mwana, bambo womubereka ndi mlendo. Olankhula ndi amalume ake. Ine ndine mkamwini, ndakhala pamudzi pa akazi anga zaka zoposa makumi atatu, ndabzalapo mapeyala ndi nanazi, koma pa chinkhoswe cha mwana wanga yemwe ntchito yanga inali kuvala jekete, kukhala pampando ndi kumwetulira. Nkhoswe anali alamu anga, a Dumingu, achimwene awo a akazi anga. Sindibisa, zinkandinyong'onya. Ndinkafuna pakhale kanthu kamodzi koti anthu aloze n'kunena kuti ichi ndiye anachita ndi bambo ake a mnyamata.

A Dumingu ntchito yawo ndi yowolotsa anthu pa doko lathu, pomwe madzi saphwera ngakhale m'chilimwe. Zaka zonse ankagwiritsa ntchito bwato logoba, koma chaka chimenecho anaitanitsa mmisiri wa ku nyanja ya Chilwa, a Bwanali, kudzawakhomera bwato la matabwa, lalikulu, lotenga anthu khumi ndi njinga zawo. Mbuzi zawo zonse zinathera pamenepo. Ndipo analengeza kuti ulendo woyamba wa bwatolo udzakhala wa chinkhoswe, kuti a kutsidya aone kuti mwana wawo akulowa m'banja lotani.

A Bwanali atamaliza kukhoma, anatseka mipata ya matabwa ndi thonje ndi nsanza za masaka, n'kumata phula lakuda bii kunsi konse. Kenako analowetsa bwatolo pamadzi osaya, kulidzaza madzi dala, n'kuponyamo miyala. Ndinalipeza litamira theka ngati chinthu chotayidwa. Ndinawafunsa kuti bwanji bwato latsopano mukulimiza nokha.

"Lisiyeni limwe," anatero a Bwanali, n'kukwera njinga yawo kubwerera kwawo.

Mawu awiri okha basi. Ine amene ndimakonda mafotokozedwe a masamba anayi ndinawatenga mawu awiriwo ngati zikhulupiriro za asodzi.

Lolemba la sabata ya chinkhoswe kunafika Tadala, mwana wanga woyamba, wamkazi, amene amagwira ntchito mu ofesi ya hotelo ina ku Mangochi. Anatulutsa m'chikwama botolo lofanana ndi la mafuta odzola, n'kundipatsa pamodzi ndi pepala lake.

"Adadi, mankhwala awa amati nano. Kuntchito kwathu amapaka maboti a alendo. Mukapaka, madzi sagwira, ndere sizimera, boti limangotsetsereka. Linatsala ili, ndiye abwana anati nditenge. Mukapatse ankolo."

Mukapatse ankolo. Mwamva? Mwanayo analankhula bwinobwino. Kulakwa konse kukuyambira pa ine.

Ndinakhala pakhonde n'kuwerenga pepala lija kawiri. Linkati m'mankhwalamo muli tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, timene timalowa m'timaenje ta pakhungu la bwato n'kuuma ngati kagalasi kopyapyala kuposa tsitsi. Ndinaseka. Zoterezi ndaziwerengapo zambiri, sopo wochapa yekha, feteleza wobereketsa zitsononkho zitatu. Ndiye monga mwa chizolowezi changa ndinati ndiziike pa sikelo. Ndinatenga kathabwa kotsala kwa a Bwanali, kupakapo madontho awiri, kudikira kuti kaume, n'kuthirapo madzi.

Abale inu! Madziwo anaundana timikanda, n'kugubuduzika kugwa pansi, ndendende mmene amachitira pa tsamba la koko. Ndinagwirapo ndi chala, kathabwako kanali kouma gwa. Ndinathiranso, chimodzimodzi. Koyamba m'moyo wanga pepala la malonda linanena zoona, ndipo chimene chinandigwetsa ndi chimenecho. Munthu amene wakhala akukayika zaka makumi asanu ndi limodzi akapeza choti akhulupirire, amachikhulupirira ndi mtima wonse umene anasunga.

Ndinapita kwa alamu ndi botolo lija, kukapempha kuti ndipake bwato lawo. Ndinawapeza akumanga chikwama panjinga, ulendo wa ku Phalombe kukaitana abale, kubwera kwake Lachisanu.

"Ndi penti, akalaliki?" anandifunsa. Amanditchula choncho chichokereni ku esiteti.

"Si penti, alamu. Ndi sayansi."

"Bola musalisinthe mtundu. Pakani, inu ndi a mabuku."

Iwo ankaganiza kuti ndikangodzoza m'mphepete mwa pamwamba kuti muwale. Ine sindinawauze kuti pepalalo linali ndi malamulo ake, ndipo lamulo loyamba linkati bwato liyenera kukhala louma kotheratu.

Ndinasonkhanitsa amuna a padoko, tinachotsamo miyala, kukapa madzi, kulikokera pamchenga n'kulitembenuza chafufumimba. Pamenepo panali a Zhuwawo, mdala amene wawolotsa anthu pa dokolo kuyambira ndisanakwatire. Bwato lawo ndi logoba, lakale, lobiriwira ndi ndere, lazigamba za malata ndi zidutswa za chigubu, moti ukaliona umayamba wapemphera usanakwere.

"Akalaliki, eni ake akudziwa?"

"Avomereza," ndinayankha. Zinali zoona, koma zoona zake zopepuka. Pa sikelo yanga ija sizikanadutsa. Ndinayang'ana bwato lawo lija n'kuwonjezera, ndipo mawu awa ndimawakumbukirabe: "Mukadzaona zotsatira zake, mudzabwera nokha kudzandipempha."

Lamulo lachiwiri linkati popaka pasakhale mafuta, phula kapena litsiro lililonse. Phula! Lolembedwa ndithu. Ndinatenga mpeni wanga wakale wotengulira tiyi, ndinaunola, n'kuyamba kupala. Masiku awiri athunthu, dzuwa la Seputembala lili pamsana. Phula likamachoka linkatengana ndi thonje ndi nsanza zija, ine n'kumati ndi litsiro lomwe pepala likunena. Ndinaliunjika pambali mwaudongo. Ndimagwira ntchito mwaudongo ine, ngakhale yowononga.

Tsiku lachiwirilo akazi anga anabwera kudzachapa kumtsinjeko. Anaima n'kumandiyang'ana nthawi yaitali, beseni lili pamutu.

"Bambo a Tadala, kodi phulalo mmisiri uja analiikira kukongoletsa?"

Ndinatulutsa pepala m'thumba, kuwawerengera m'Chingerezi, kenako kuwamasulira pang'onopang'ono.

"Chabwino," anatero. "Koma pepala lanulo linawolokapo Ruo?"

Ndinapinda pepala lija n'kupitiriza kupala.

Pofika Lachinayi bwato linali loyera ngati tebulo la kutchalitchi. Koma nditasuzumira kunsi kwake ndinaona mizere ya kuwala, dzuwa likulowa pakati pa thabwa ndi thabwa. Ndinayesa ndi kamtengo ka machesi, kanadutsa. Penapake panadutsa ngakhale nsonga ya mpeni. Koma ndinakumbukira kuti pepala linati tinthu tija timatseka timaenje ting'onoting'ono. Ting'onoting'ono motani? Ine amene ndimafunsa kuti msewu wake uti, tsiku limenelo sindinafunse. Pepala linatinso madontho ochepa ndi okwanira malo aakulu. Apa ndiye ndinati ayi, uku ndi kukokomeza kwa amalonda, ndipo ndinathira mowolowa manja, thabwa lililonse kawiri, mpaka m'mipata momwe. Otsala ndinapaka m'kati, pansi ndi pamipando, kuti alendo adzakhale powala. Mwaona mmene ndinkasankhira? Pomwe pepala linkandikomera ndinkalikhulupirira, pomwe linkandiletsa ndinkalikayikira.

Lamulo lomaliza linkati lisakhudze madzi kwa tsiku limodzi ndi theka. Choncho bwato linabwerera pamtsinje Loweruka m'mawa, tsiku lenilenilo. Ndinayalamo mphasa pansi kuti nsapato za anthu zisadetse ntchito yanga. Alamu anachedwa ku Phalombe, anafika m'mawa womwewo ali wefuwefu, suti ili m'thupi kale, ife titakhala m'bwato. Tinalimo ine, akazi anga, Tadala, Yamikani, ndi azakhali awiri, alongo anga. Tinanyamula khasu ndi nkhwangwa, chidebe cha thobwa, ndi tambala wofiira amene a kuchimuna amapereka pa chinkhoswe. Popeza ndinalibe ntchito ina, tambalayo anandipatsa ine kuti ndimugwire.

"Eee, likuwalatu!" anatero alamu, akukankha ndi nsungwi yawo yaitali. "Akalaliki, mwagwira ntchito."

Ndinangogwedeza mutu modzichepetsa. Kutsidya anthu anali atadzaza pagombe, azimayi akuimba, nthungululu zili gwiragwira. Yamikani, shati yoyera, ankayesa kubisa kumwetulira. Mphindi ziwiri zimenezo ndinali munthu wosangalala kwambiri m'boma lonse la Mulanje.

Kenako mmodzi wa azakhali aja anati, "Achimwene, mapazi anga akuzizira."

"Ndi mankhwalawo," ndinayankha. "Amaziziritsa thabwa." Zimenezi sizinalembedwe paliponse. Ndinangopeka, ine ndemwe.

"Nanga amanyowetsanso chitenje?"

Alamu anakankha mphasa ndi phazi, n'kuwerama.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "ndikuona mtsinje kupyolera m'bwato langa. Phula lili kuti?"

"Ndinapala."

"Munatani?"

"Pepala linati..."

"Kapani madzi! Nonse, kapani!"

Tikape ndi chiyani? Tadala anagwira chivindikiro cha chidebe, akazi anga anandivula chipewa kumutu osandipempha, azakhali ankakapa ndi manja uku akuitana Yesu. Madzi ankalowa m'mizere yonse nthawi imodzi, mwadongosolo, ngati munda wothirira. Alamu ankakankha ndi mphamvu zawo zonse kuti tifike pomwe pali mchenga pakati pa mtsinje. Ndipo mwina tikanafika bwinobwino ndikanakhala pansi. Koma ndinaona kuti ndiyenera kufotokoza. Ndinaimirira, tambala ali m'khwapa, n'kuponda pathabwa pomwe mphasa inachoka, pomwe ndinapaka kawiri ndi manja anga.

Miyendo inapita kumwamba. Ndinagwera cham'mbali, m'mphepete mwa bwato, thupi langa lonse, ndipo ine si munthu wochepa. Bwato linapendama, Ruo analowa ngati waitanidwa, ndipo tinatsika pang'onopang'ono, mwaulemu, mpaka linakakhala pamchenga.

Mwamwayi madzi pamenepo anali a m'chifuwa. Palibe anavulala, ndipo ichi ndimathokoza mpaka lero. Thobwa linapita ndi madzi. Yamikani ankamira n'kumavuuka kufunafuna khasu ndi nkhwangwa. Ine ndinapezeka nditaima pakati penipeni pa mtsinje, osadziwa ngati ndili ku Malawi kapena ku Mozambique, jekete ili thapsa, manja onse awiri ali m'mwamba, nditanyamula tambala ngati chikho cha mpira. Tambalayo, pothokoza, anandichitira chitosi pamutu.

Kutsidya nyimbo inaleka. Kenako ataona kuti tonse tili moyo, mayi wina anayambitsa nyimbo yomweyo ndi mawu atsopano, akuti apongozi abwera, abwera wapansi m'madzi. Anzake analandira. Amalandira msanga azimayi a kutsidya.

Ndipo anabwera kudzatipulumutsa ndani? A Zhuwawo, ndi bwato lawo lazigamba lija, osalowa ngakhale kadontho. Ankatenga awiriawiri. Anayamba ndi azimayi, kenako alamu ndi Yamikani. Atabwera ulendo womaliza ndinakweza mwendo kuti ndikwere, iwo anatambasula manja n'kulandira tambala.

"Uyu ndiye ali ndi ntchito kutsidyaku," anatero. "Inu mulibe. Dikirani."

Anamuwolotsadi yekha tambalayo, atakhala kutsogolo ngati bwanamkubwa. Pobwera kudzanditenga anati, "Akalaliki, mwaona, ndabwera ndekha. Atsalako mankhwala aja?"

Koma zosekazo zinatha titafika pamudzi. Azimayi akuluakulu a kuchikazi anakhala pambali n'kumanong'onezana kuti bwato latsopano kumira pa ulendo wa chinkhoswe ndi malodza, ukwatiwu mizimu ya makolo yaukana. Amalume ake a mtsikanayo, bambo wamtali wosaseka, anati mwina tiyambe tabwerera, nkhaniyi aionenso. Ndinayang'ana Yamikani. Anali ataima pansi pa mtengo wa mango, shati itamatirira pathupi, khasu lili m'manja, maso ali pansi. Mwanayo anadikira tsikuli zaka ziwiri. Apa ndiye manyazi enieni anandigwira, oposa a chitosi.

Alamu anaimirira, madzi akutuluka m'nsapato.

"Akuluakulu, pepani. Awa si malodza. Malodza sadziwika kochokera. Awa ali ndi dzina, ndipo ndi awo akhala apowo. Alamu, imirirani, fotokozani. Paja mumakonda kufotokoza."

Ndinali nditavala chitenje chobwereka ndi malaya a mwini nyumba amene sankatseka pamimba. Ndinaimirira choncho pamaso pa midzi iwiri n'kunena zonse, osachotsera, osawonjezera: miyala, mpeni, phula, kamtengo ka machesi. Zaka zonsezi ndinkadandaula kuti bambo salankhula pa chinkhoswe. Ndinalankhula.

Amalume aja anamvetsera mpaka kumapeto.

"Kumpadire, ndithandizeni ndimvetse," anatero, kundiitana monga amaitanira mnzawo m'Chipwitikizi cha kutsidyako. "Munachotsa chimene chimatsekereza madzi, kuti muikepo chimene chimathamangitsa madzi?"

"Ndi choncho."

"Ndipo zonsezi munawerenga?"

"Kawiri."

Anatembenuka n'kuyang'ana Yamikani kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Nanga mnyamatayu nzeru anatengera kuti?"

"Kwa amake!" anakuwa akazi anga, asanamalize n'komwe kufunsa.

Bambo wosaseka uja anaseka mpaka kukhala pansi. Bwalo lonse linaphulika, azimayi a malodza aja ndiye ankachita kugwirana. Chinkhoswe chinachitika, mochedwa koma chinachitika. Tambala anaperekedwa, thadzi tinalandira, ndipo pobwerera tinayenda ulendo wautali wodzera pa mlatho wa ku Muloza, chifukwa azakhali analumbira kuti sakweranso chilichonse choyandama.

Lachiwiri lake a Bwanali anabwera, ataitanidwa. Tinalivuula bwato n'kulikokera pamchenga. Iwo analizungulira kamodzi, osapsa mtima, n'kupereka mafotokozedwe aja ndinkafuna, ngakhale sanakwane masamba anayi.

"Thabwa likamwa limatupa. Likatupa limagwirana ndi linzake, n'kufinya thonje pakati. Ndiye bwato limenelo. Inu munaliumitsa, munalichotsa thonje, kenako munaliletsa kumwa."

Kunena chilungamo, mankhwalawo sindiwada. Pansi pa pepala lija, m'zilembo zing'onozing'ono, munalembedwa kuti ndi a maboti a fayiba ndi a chitsulo, monga a ku nyanja aja. Ndinaziwerenga. Ndinati ndi mantha chabe a kampani. Ndipo sindinganene motsimikiza kuti chinamiza bwato kwenikweni n'chiti, mankhwala, dzuwa kapena mpeni, koma zonse zitatu zinadzera m'dzanja limodzi.

Pamene a Bwanali ankalankhula, alamu ankayang'ana matabwa. Bwatolo linali litagona m'madzi masiku atatu, koma madzi ankangogubuduzika timikanda n'kugwera pamchenga. Anasisitapo ndi chikhatho, n'kuchiyang'ana, n'kundionetsa. Chouma.

"Akalaliki," anatero, "ndikupepeseni, mankhwala anu ndi amphamvu. Ndawolotsa anthu moyo wanga wonse, koma ndi koyamba kuona bwato likumira osanyowa."

Sabata ziwiri zotsatira ndinazithera pa doko lomwelo ndi sandipepa m'manja, kuchotsa sayansi yanga thabwa ndi thabwa, chifukwa phula latsopano linkakana kugwira. Apanso pepala linanena zoona, sachoka msanga. A Zhuwawo ankadutsa kasanu patsiku, ulendo uliwonse n'kumauza okwera awo kuti, "Perekani moni kwa a Nano." Dzinalo lakhazikika. Ngakhale mpongozi wanga, mwana waulemu kwambiri, tsiku lina linamupulumuka.

Bwatolo lero likuyenda, lakuda bii, ndere zili mbwee kunsi kwake, ndipo ndikakwera alamu amandikhazika pakati, manja ali pamaondo.

Ndiye ndalumbira, ndipo mboni ndinu. Mmisiri akadzanena mawu awiri, sindidzafunanso masamba anayi. Ndipo tsiku limene Tadala adzabweretse munthu pakhomo pano, ine ndidzavala jekete, ndidzakhala pampando, ndidzamwetulira. Ngakhale nkhukuyo agwire wina.